Utoto Wofiira pa Zitsulo za Folokilifiti

Kuyendetsa folokilifiti ndinaphunzira ku Limbe, m'nyumba ina yosungiramo katundu momwe ndinagwira ntchito zaka zingapo. Amayi anga atayamba kudwaladwala ndinabwerera kwathu ku Phalombe, ndipo ndinapeza kuti bambo ena a bizinesi pa Migowi agula folokilifiti yakale koma woyendetsa alibe. Depoti yawo inali ya zonse: nyengo yokolola ankagula nandolo, m'chilimwe ankagulitsa malata, simenti, mapaipi ndi mathanki a madzi. Tsiku loyamba abwanawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mayi, chimenechi si wilibala," anatero.

Ndinakwera, n'kutsitsa simenti yonse imene inali pa lole dzuwa lisanafike pamutu. Anandilemba ntchito, koma maso awo sanachoke pa ine.

Folokilifiti ili ndi mano awiri achitsulo kutsogolo, amene amalowa pansi pa katundu n'kumutukula. Mano a yathuyo anali aafupi. Pa simenti ndi pa matumba ankakwanira, koma kukabwera thanki lalikulu kapena bokosi lalitali, ankathera pakati, katundu n'kumapendekera kutsogolo ngati akufuna kugwada. Ku Limbe tinali ndi zitsulo zotalikitsira mano. Chitsulo chotere chimakhala champhako: umalowetsamo dzino, kenako n'kutseka kumbuyo ndi pini kuti chisavuke. Mkulu amene anandiphunzitsa ankanena tsiku lililonse kuti dzino lenileni liyenera kudzaza magawo awiri mwa atatu a chitsulocho, ndipo kuti katundu akatalikira kunsonga mphamvu ya makina imachepa. Ankatinyamulitsa ndowa ya madzi mkono titautambasula kuti timve zimene akunena.

Ndinapempha abwana kuti agule zitsulo zoterozo. Anangoti amva. Patapita mwezi, Lolemba lina m'mawa, ndinazipeza zitagona pabwalo la depoti, ziwiri, zofiira psuu, utoto ukununkhabe.

"Si izo munkalira," anatero akapitawo, bambo wamtali amene ankayang'anira onyamula katundu. "Apanga alamu awo a abwana, owotcherera zitsulo aja a kufupi ndi Fort Lister."

Mtima wanga sunakondwe. Choyamba, zinali zazitali kwambiri. Nditaziyeza ndi mapazi, ndinaona kuti dzino likanangofika pakati. Chachiwiri, mabowo a pini analipo koma mapini panalibe. Ndiye panali utotowo. Unali wopakidwa mothithikana, ngati phala, makamaka chakunsonga. Nditayendetsa chala pamenepo ndinamva kamzere kotukuka kozungulira chitsulo chonse. Chinzake chinalinso nako, pamalo omwewo. Munthu wopanga chinthu chonyamulira katundu, chimene chidzakwekweseka tsiku loyamba lomwe, angavutikirenji kuchipaka utoto wochuluka chotero?

Ndinapita ku ofesi n'kuwauza abwana kuti zitsulozo sindikuzikhulupirira. Anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Ndiye mukufuna tikagule kuti? Kwa anzanu a ku Limbe?"

"Kulikonse, bwana, bola zikhale zamuyeso."

"Eya. Kuti nanunso mudyepo."

Mawu amenewo anandiwawa. Ndinatuluka.

Kuyambira tsiku limenelo pa depoti panalowa mphepo yoipa. Zitsulo ndinazikankhira kukhoma, ndipo thanki likabwera ndinkapeza chifukwa: mwina malo ndi opendekeka, mwina ndi lopepuka, anthu angolikunkhuniza. Onyamula katundu anayamba kundimwetulira, poganiza kuti ndikukana dala kuti ganyu yawo isathe. Akapitawo ankati akaona kumwetulirako amakanena ku ofesi. Ine ndikalowa m'shedi nkhani zinkaduka. Ngakhale tiyi wa m'mawa ndinayamba kumwera pa mpando wa folokilifiti.

Koma amene ndinkawaganizira kwambiri anali owotchererawo. Sindinkawadziwa, koma m'mutu mwanga ndinali nditawaweruza kale: atola zidutswa za zitsulo zakale, azilumikiza, aphimba ndi utoto, n'kuwagulitsa alamu awo ngati zatsopano. Loweruka lina masana ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita cha ku Fort Lister, ndikudzinamiza kuti ndikukaona azakhali. Ndinamuuza wakabaza kuti ayende pang'onopang'ono podutsa pa shedi yawo. Panali mulu wa zitsulo zadzimbiri: mabedi othyoka, mafelemu a zitseko, chasesi cha lole. Mwini wake, bambo wachikulire wa imvi, anatukula mutu pa ntchito yake n'kundipatsa moni m'Chilomwe. Ndinayankha mozizira, osatsika. Mulu uja unandikwanira. Ndinabwerera ndili wotsimikiza kuti ndagwira wakuba.

Lolemba lake abwana anandifunsa ngati azakhali ali bwino. Sindinawauzepo za ulendowo, ndipo mpaka lero sindidziwa amene anawauza.

Zinthu zinafika pampondachimera tsiku limene kunabwera chigayo. Gulu la amayi ochokera m'munsi mwa phiri la Michesi linali litaitanitsa chigayo cha dizilo kudzera kwa abwana, ndipo chinabwera m'bokosi lalitali la matabwa, pa lole yotsekeka m'mbali, yotseguka kumbuyo kokha. Bokosilo linali litagona molunjika mkati. Mano aafupi sakanalifika bwino, ndipo anthu sakanalinyamula. Linali tsiku la msika. Amayi eni chigayo anabwera atavala zitenje zofanana, akuimba, ndipo anthu odutsa anaima kuti aonerere.

"Valikani zitsulo zija," anatero abwana, mokweza kuti onse amve.

"Bwana, pa katundu wolemera chonchi sindingayerekeze."

"Pano wolamula ndani?"

Ndinayang'ana bokosi, ndinayang'ana amayi aja amene anali atayandikira mpaka kukhudza lole. Mmodzi anali ndi mwana kumbuyo. Ndinatsika pa folokilifiti, ndinatola msomali pansi, n'kugwada pa chitsulo chimodzi. Ndinayamba kupala utoto pa kamzere kaja. Unkachoka ngati chikhokho. Pansi pake panaoneka msoko wowotcherera, ndipo kuchokera pamsokowo kukafika kunsonga chitsulo chinali china, chopyapyala, chamawanga a dzimbiri.

"Onani," ndinatero. "Ichi ndi cholumikiza. Chigayo chikatsamira apa, chithyoka. Alamu anu anakupusitsani, bwana."

Nyimbo inaleka. Abwana nkhope inachita mdima. Ndinkayembekeza kuti akalipira alamu awo, koma anakalipira ine, kuti ndikuwononga katundu wawo ndiponso kunyoza banja lawo pagulu. Amene anaimba foni anali mayi wapampando wa gulu lija, amene ankawadziwa owotchererawo chifukwa ankapemphera mpingo umodzi. Anati chigayo chawo sichitsika mpaka wopanga zitsulo abwere adzanene yekha.

Tinadikira nthawi yaitali padzuwa. Bambo aja anafika pa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu. Anaimika njinga, anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, kenako anagwada pamene ndinapala paja. Anakhudza utoto n'kununkhiza chala.

"Bambo," ndinatero mokwiya, "mukanapha anthu. Munabisiranji msoko umenewu?"

Sanandiyang'ane. Anayang'ana abwana.

"Alamu, munawauza chiyani mayiwa?"

Abwana anati nkhani za pabanja sizikambidwa pamsika. Bambo aja anaimirira n'kupukuta manja pa buluku.

"Mayi, ine ndinapanga kuchokera apa kufika apa." Analoza kuchokera kumbuyo mpaka pamsoko. "Chitsulo chimenechi ndinachigula chatsopano, ndipo mano a makina anuwa ndinadzawayeza ndekha inu mutaweruka. Nditabweretsa, alamu anati zafupika, akufuna zofika mkati mwa lole. Ndinakana kawiri. Kachitatu anabwera ndi mlongo wanga, mkazi wawo. Ndiye ndinalumikiza, koma ndinawauza kuti chowonjezeracho ndi chotsamirapo thanki lopanda madzi basi. Msoko ndinausiya poyera kuti woyendetsa auone. Utoto sindigwira ine, umandipatsa chifuwa."

Onse anatembenukira kwa akapitawo, osunga utoto wa pa depoti, amene anayamba kuyang'anitsitsa matayala a lole ngati sanawaonepo.

"Nanga mapini?" ndinafunsa, mawu atatsika.

"Ndinawapatsa m'kapepala."

Anakawapeza m'galimoto ya abwana, m'kabokosi ka kutsogolo, ali m'kapepala komweko.

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze bwino. Munthu amene ndinamuyesa wakuba kwa milungu itatu ndi yemwe anandiganizira ine, woyendetsa amene sankamudziwa. Abwana anayamba kunena kuti utotowo unali woteteza dzimbiri, kuti iwo si amisiri, kuti aliyense akanatha kulakwitsa. Panalibe amene anawatsutsa, panalibenso amene anawavomereza.

Owotchererawo anabwereka galayinda, makina odulira zitsulo, kwa mnzawo wa pamsika. Pamaso pa onse anadula zowonjezera zija n'kusalaza nsonga. Tinavalika zitsulo pa mano, tinatseka mapini, ndipo ndinayeza: dzino linadzaza bwino. Komabe sindinathamangire chigayo. Ndinayamba ndanyamula paleti, thandala la matabwa loikapo katundu, yodzaza matumba a nandolo, kuitukula pang'ono chabe, n'kuisiya m'mwamba kwa kanthawi tonse tikuyang'ana ngati chitsulo chipinde. Sichinapinde.

Kenako ndinapempha kuti anthu onse apite kutsidya kwa ngalande. Amuna asanu ndi mmodzi anakwera pa lole, anaika mapaipi pansi pa bokosi n'kulikankha pang'onopang'ono mpaka kukhomo. Ndinalowetsa zitsulo mpaka bokosi linakhudza msana wa folokilifiti, tinalimanga ndi lamba, ndinalipendeketsa chakumbuyo. Potukula ndinamva matayala a kumbuyo akupepuka pang'ono. Sindinayende ayi. Ndinauza dalaivala kuti ayendetse lole kutsogolo, ichoke pansi pa bokosi, kenako ndinatsitsa katundu molunjika mpaka atatsala pang'ono kukhudza dothi. Amayi aja analulutira. Ine ndinazimitsa injini n'kutsika.

Bambo aja akumangirira zidutswa zodulidwazo pa njinga yawo, ndinawayandikira.

"Bambo, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Anamaliza kaye kumanga mfundo.

"Kukayika sikunali kulakwa, mayi. Mukanavalika osakayika, bwenzi lero tili ku polisi tonse. Koma pakamwa pofunsira munali napo. Ndimakhala pamsewu."

Sanamwetulire. Anakwera njinga n'kumapita.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, koma woyendetsa wina panalibe, choncho ndinakhalabe. Abwana anatha milungu iwiri osandilankhula, malangizo ankatumiza kudzera kwa akapitawo. Atayambiranso kundilankhula, anali atapeza nkhani yatsopano: ankauza anthu kuti ine ndi alamu awo tinapangana kuti tiwachititse manyazi, ndipo umboni wake unali ulendo wanga wa ku Fort Lister. Anayamba kusunga okha kiyi wa folokilifiti, n'kumandipatsa m'mawa uliwonse ngati mankhwala. Nanenso ndinasintha. Chilichonse chobwera kuchokera ku ofesi, kaya ndi lamba watsopano kaya mafuta a mabuleki, ndinkachitembenuza kaye kawiri ndisanachigwiritse ntchito, iwo akundiona pawindo.

Tinakhala choncho zaka ziwiri, mpaka amayi anga anamwalira ndipo ndinapeza ntchito kwina. Pa maliro abwana anabwera ndi thumba la ufa, anakhala nafe mpaka kumanda. Owotchererawo anabweranso, ngakhale sindinawatumizire uthenga. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kumbali ina ya bwalo, abwana kumbali inayo, ndipo anthu ataimirira kuti abalalike aliyense anatenga njira yake.