Momwe Inaponda Ng'ombe

Agogo anga a Sipiriyano ndikawaganiza, chimene chimandifika poyamba si nkhope yawo ayi, koma fungo la lupsa mame a m'mawa atagwerapo, losakanikirana ndi la fodya wawo wopichira m'khoko la chimanga. Ndimawaona ataima kumapeto kwa bwalo lathu, buluku atapinda mpaka m'mawondo, mapazi ali bii ndi phulusa, akuyang'ana kutsetse kumene kunali kasupe. Sankalankhula zambiri. Zimene anatichitira pa tsetse limenelo ndinadzazimvetsa mochedwa, iwo atamwalira kale, ndipo ndinakazimvetsera kutali, m'munda wina wakalekale wa ku China.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene tinabwerera kwathu nkhondo itatha. Ndinabadwira kufupi ndi Fonte Boa, koma nzeru ndinadziwira ku Dedza kumene tinathawira. Agogo aakazi anatsala komweko, m'manda a eni ake. Bambo anga anatsaliranso kuti amalize ntchito imene ankagwira kumeneko. Tinawoloka malire pa Kalomwe tili anayi: agogo, amayi, amalume a Tomasi amene ndi mlongo wa amayi, ndi ine. Wachisanu anali Bonita, ng'ombe yathu yofiira, imodzi yokhayo.

Pamudzi tinapeza makoma atagwa, mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Msewu ndi bwalo sitinkaziopa chifukwa anzathu obwerera anali atadutsapo kale ndi ngolo zawo. Koma kutsetse, kumene kunali kasupe ndi dimba la agogo aakazi, kunalibe amene anali atapondako. Asilikali ankagona pafupi ndi kasupeyo nthawi ya nkhondo, ndipo aliyense ankadziwa kuti pamene asilikali ankatunga madzi ankakwirirapo mamina, mabomba aja ophulika munthu akaponda. M'mudzi woyandikana ndi wathu bambo wina anali ataduka kale mwendo.

Tsono amayi ankapita kumtsinje wakutali. Ankanyamuka tambala atangolira, n'kubwera dzuwa lili pamutu, ndowa imodzi yokha. Chinali chilimwe, ndipo popanda dimba tinalibe choti tidzadye chimanga chimene tinabwera nacho chikadzatha. Madzi a kasupe tinkawaona ndithu kuchokera pabwalo, akunyezimira pakati pa bango.

Tsiku lina masana amalume anataya mtima.

"Mawa nditsikirako ine," anatero. "Sitingafe ndi ludzu madzi tikuwaona."

"Ukhala pansi, Tomasi," anayankha agogo.

"Bambo, dimba lija n'la amayi anga. Mwini wake tsopano ndine."

"N'chifukwa chake ukhala pansi. Mwini mbumba ndiwe. Ukaduka mwendo, mlongo wakoyu ndi kamwanaka adzawayang'anira ndani? Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Ndinabwera ndi mphasa yokha."

Amayi anaseka misozi ili m'maso. "Mkamwini wa zaka makumi anayi! Ntchito ya chikamwini simunamalizebe?"

"Amayi ako akanakhalapo ukanawafunsa. Ankati ndine waulesi."

Agogo sanatsike m'mawa mwake. Anayamba atentha tsetse lonse, ife titakhala patali kuseri kwa khoma, kumvetsera. Moto unalilima mpaka kukafika ku bango, osaphulika kanthu. Kenaka anamanga Bonita pamtengo tsiku lathunthu ndi theka osaipatsa madzi. Inalira mpaka mawu kusasa. Amalume anati bwanji tibwereke mbuzi kwa anansi m'malo moika ng'ombe yathu pachiswe, koma agogo anakana. Anati mbuzi ndi yopepuka, ingadutse pamene munthu sangadutse.

Tsiku lachitatu, dzuwa litangotuluka, anaimasula. Ife tinakwera pa khoma logumuka lija kuti tione. Ndinkayesa kuti ng'ombe yaludzu ithamangira kumadzi molunjika, koma Bonita inali ndi maganizo ake. Inatsika pang'ono, n'kupatukira ku chitsa cha pichesi chophuka masamba chimene moto unachilambalala, n'kuyamba kudya. Itatero inalowera kumanzere kukanyambita chulu. Inabwereranso, n'kuzungulira thanthwe, n'kuima kumangoyang'ana mapiri.

"Pita kumadzi, chitsiru iwe!" amalume ankatero chapansipansi, mano ali gwa.

Amayi anali ndi kolona m'manja, milomo ikugwedezeka. Bonita itafika pa kasupe n'kuviika mphuno m'madzi, agogo anavula chipewa, kulemba chizindikiro cha mtanda, n'kuchivalanso. Anakoleka paphewa thumba la zitsononkho, n'kuyamba kutsika opanda nsapato. Pa phulusa lakuda zidindo za ziboda zinkaoneka bwino. Iwo ankaika zala za phazi m'chidindo, kuima, kugwetsa chitsononkho pambali pake, kufunafuna chidindo china. Pamene ng'ombe inapatukira ku pichesi, nawonso anapatukira ku pichesi. Pamene inazungulira thanthwe, nawonso anazungulira. Mtunda woti munthu angaponye mwala kawiri n'kufika, iwo anauyenda mpaka mthunzi wa khoma unafupika. Atafika anagwada, kumwa, kusamba kumaso, n'kutikwezera chipewa.

Masabata awiri otsatira anasenza miyala yaphanthiphanthi ya pa maziko a nyumba yakale ya agogo aakazi, umodziumodzi, n'kumaika pamene panali chitsononkho chilichonse. Njirayo itatha anatiimika pabwalo n'kutipatsa lamulo lake: "Mwala ndi mwala. Dothi musaliponde, ngakhale litakhala lokongola bwanji."

Dimba analitsegulanso chimodzimodzi, ng'ombe patsogolo, ndipo tinabzala nyemba ndi mpiru. Ine ntchito yanga inali yotunga madzi ndi kandowa kakang'ono. Njirayo ndinkadana nayo. Miyala inali yozizira m'mawa, yoterera ndi mame, ndipo poti inaikidwa motsata ng'ombe, pena inali yoyandikana, pena yoti mwana adumphe.

M'mawa wina mvula zoyamba zitagwa, ndikukwera ndi madzi pamutu, nkhata inaterereka pafupi ndi chulu. Kandowa kanagwa n'kuyamba kugubuduka. Sindinaganize kanthu. Ndinakathamangira.

"Rozaliya! Ima pomwepo!"

Ndinali ndisanawamvepo agogo akukuwa. Ndinaima, ndipo m'pamene ndinaona kuti pansi pa mapazi anga panali udzu wanthete, miyala ili kumbuyo mapazi asanu ndi awiri. Ndinayamba kulira.

"Usatembenuke. Mapaziwo akhale pomwepo," anatero, mawu atabwerera mwakale. "Tandiuza, a padiri anaphunzitsa nyimbo yanji kutchalitchi Lamulungu?"

"Sindikukumbuka."

"Bodza. Dzulo unatisokosera nayo tsiku lonse. Tayimba."

Ndinaimba, mamina a m'mphuno akutsikira kukamwa. Kumbuyo ndinkamva mpweya wawo ukuyandikira pang'onopang'ono. Ankafufuza timapazi tanga mu udzu wonyowa, n'kumaikamo chala chachikulu cha phazi lawo, poti lonse silikanakwanamo. Nyimbo ndinaibwereza kanayi. Kenaka mkono unandigwira m'chiuno, n'kundinyamula ngati mtolo wa nkhuni. Titafika pamiyala anakhala pansi. Ndinkadikira mbama. Iwo anayang'ana kandowa kaja kali chafufumimba mu udzu.

"Kasiye," anatero. "Kapeza pokhala."

Kanakhala pomwepo zaka zitatu, kakuchita dzimbiri ife tikukaona tsiku ndi tsiku.

Kenaka anafika anthu ochotsa mamina, ndi zikhomo zawo zofiira ndi makina olira akamva chitsulo. Anafufuza tsetse lathu lonse atagwada. Anapeza misomali, khasu lothyoka, ndi kandowa kanga. Bomba sanapeze ngakhale limodzi.

Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo, zaka zonsezi takhala tikuzungulira chulu chifukwa cha ng'ombe, pansi palibe kanthu!"

"Tsiku lija iwe unkadziwa?" anafunsa agogo.

"Ayi."

"Inenso sindinkadziwa."

Amalume analambula njira yowongoka yoti ngolo izitsikira kudimba kukatenga kachewere, ndipo tonse tinayamba kuyenda m'menemo. Agogo okha anapitiriza kuyenda pamiyala yawo. Anabzala nsungwi pambali pa thanthwe, maluwa ofiira kuzungulira chulu, ndipo pansi pa pichesi, umene unali utakulanso, anaikapo chipika chokhalira. Anthu ankati nkhalamba ikuwononga nthaka yoti pakanakhala mizere. Inenso, nditayamba sekundariya ku Ulongwe, ndinkaganiza chomwecho. Atamwalira, amalume anazula miyala ija n'kumangira khola, pamalopo n'kulimapo kachewere.

Lero ndimagwira ntchito ya ulangizi wa mbewu ku Ulongwe. Chaka chatha anatitumiza ku China, ku kurusu, maphunziro a kasungidwe ka mbewu ya kachewere. Lamulungu kunalibe maphunziro, ndipo ndinafunsa mtsikana wotimasulira ngati pafupi panali tchalitchi. Anati basi yakonzedwa kale yoti tikaone munda wakale mumzinda wa Suzhou. Ndinakwera ndikung'ung'udza mumtima kuti ndaphonya Misa chifukwa cha maluwa.

Tinadutsa nyumba zagalasi zoti munthu apindike khosi kuti aone nsonga, misewu yodutsa pamwamba pa inzake, njinga zamoto zosalira. Basi inaima pa khoma loyera lokhala ndi kachipata kakang'ono. Titalowa, phokoso la mzinda linatsala kunja. M'katimo munalibe mbewu yodyedwa ngakhale imodzi. Munali dziwe la nsomba zofiira, miyala yabowobowo ngati zisa za chiswe, nsungwi, timitengo takale topindika, ndi khomo lozungulira ngati lichero. Pamwamba pa khoma nyumba zazitali zija zinkasuzumirabe. Mtima wanga wa mlangizi unayamba kale kuyeza kuti pamenepa pangalowe mizere ingati.

Njira zake zinali zosawongoka. Ngakhale mlatho wa padziwe unali wokhotakhota. Mtsikana uja anafotokoza kuti mwini munda, zaka mazana angapo zapitazo, anali mkulu wa boma amene anasiya ntchito n'kudzipangira malo opumira, ndipo anakhotetsa njira dala kuti munthu asafulumire, komanso asaone zonse nthawi imodzi. Ndinamva, koma sizinandikhudze.

Tinafika pa kanjira ka miyala yaphanthiphanthi yoikidwa motalikirana, pakati pake pali ndere zobiriwira. Ndili pakati pa kanjirako ndinamva mnzanga wa ku Tete, a Dona Selesite, akuseka kumbuyo.

"A Rozaliya, mukuyenda bwanji kodi? Ngati mwasenza madzi!"

Ndinadziyang'ana. Khosi linali chilili, dzanja lamanja litakwera m'mbali mwa mutu, ndipo phazi lililonse linkatera pakati penipeni pa mwala. Alendo ena onse ankaponda paliponse, pamwala, pandere, maso ali pa mafoni. Ine ndekha ndinali ndisanakhudze dothi.

Ndinawauza a Dona Selesite kuti atsogole. Ndinakhala pa benchi pansi pa nsungwi, pafupi ndi bambo wina wokalamba amene ankasesa masamba. Anandiyang'ana, n'kusesa mondizungulira osandisuntha. Pamenepo ndinaganiza za mkulu wa boma uja, amene anakhotetsa njira yake ali wokhuta ndiponso ali ndi nthawi, ndi za mkamwini wa kwathu amene yake inakhota chifukwa ng'ombe inkafuna masamba a pichesi. Anthu amawoloka nyanja kudzaona njira ya woyambayo. Ya wachiwiri tinamangira khola. Ndinatulutsa kolona. Misa ndinaphonyadi tsiku limenelo, koma sindikumbuka Lamulungu lina limene ndinamvetsa bwino chotero kuti Ambuye wathu analowa yekha m'malo a imfa, ife titaima patali, kuti potsatira tipeze poponda.

Nditabwerera ndinapita kumudzi kukaona amalume, amene tsopano akalamba. Ndinawaonetsa zithunzi za mundawo. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye sadya kanthu m'menemu?"

"Sadya."

"Nanga amalowamo kukatani?"

"Kukayenda basi."

Anandibwezera foni. "Bambo akanawakonda anthu amenewa," anatero. Kenaka anawonjezera, osandiyang'ana: "Tsiku lija ndinkatukwana ng'ombe chifukwa sindinkafuna kuganiza za amene atsatire pambuyo pake. Bambo atayamba kutsika ndinatsinzina. Sindinawaone akuyenda, Rozaliya. Ndinangomva amayi ako akuti afika."

Ndinawafunsa ngati akukumbuka mmene njirayo inkadutsira. Anati palibe angakumbuke, pichesi anadulidwa, chulu anachisalaza. Ndinati tiyeni. Kachewere anali atakumbidwa, munda uli mbee. Ndinavula nsapato kumapeto kwa bwalo n'kuyamba kutsika, ndipo mapazi anapatuka okha pamene panali pichesi, n'kulowera kumanzere, n'kubwerera. Kumbuyo ndinkamva ndodo ya amalume ndi mpweya wawo, akuponda momwe ndapondamo.

"Apa m'pamene inaima kumayang'ana mapiri, chitsiru chija," anatero titazungulira thanthwe.

Tinafika pa kasupe, ndipo tinamwa.

Masiku ano ndikagwada sindipemphanso Mulungu kuti andiwongolere njira. Ndimangopempha kuti andionetse pamene Iye waponda.