Tiyi Wachitatu wa Massamba

Massamba, telala wa ku Senegal, anafika pachilumba cha Sal mahotela akadali odzaza ndi azungu. Ankasoka makatani ndi mayunifolomu, ndipo masana aliwonse anzake akwawo ankadzazana pakhonde pake kudzamwa tiyi wa ataya. Tiyi ameneyu amawiritsidwa katatu: woyamba ndi wowawa, wachiwiri wapakatikati, wachitatu wotsekemera. Kwawo munthu sanyamuka asanamwe wachitatu.

Kenaka alendo anasiya kubwera, mahotela n'kuyamba kutseka. Anzake aja anachoka mmodzimmodzi, ena kubwerera ku Dakar, ena kukayesa mwayi ku Ulaya. Makina osokera anachita fumbi, koma mbaula ankaikolezabe.

Tsiku lina anaona Wen, Mtchaina wa golosale yoyandikana naye, akungoingitsa ntchentche pakauntala.

"Achimwene, mukulondera mashelefu kuti angathawe?" anakuwa Massamba. "Tabwerani kuno timwe tiyi."

Wen anabweradi. Massamba anasangalala ngati wabwera m'bale wake, nathira tiyi dzanja lili m'mwamba mpaka thovu linadzaza m'katambula. Wen anagugudiza kamodzi, nkhope n'kuchita tsinya.

"Awa ndi mankhwalatu, bwanawe! Komabe zikomo kwambiri."

Anawerama mwaulemu n'kubwerera kugolosale kwake.

Massamba anafuna kumuitana, kumuuza kuti kukoma kuli kutsogolo, koma anangobwezera ketulo pambaula. Anawiritsa wachiwiri, anawiritsanso wachitatu, nathira m'matambula awiri. Ya Wen ija inazizira pomwepo pathebulo, ndipo amene anadziwa kutsekemera kwake ndi nyerere zokha.