Galasi Losaonetsa Mpando Wakumbuyo

Akazi anga sanakhalepo mpando wakutsogolo m'galimoto yanga. Chiyambire.

Tinadziwana ndikuyendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba. Iwo ankakwera Lolemba m'mawa, mzere wachiwiri, chakuzenera. Ine pakamwa mpolemera. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndipo mawu ofunsira mkazi ndinalibe. Galasi loonera kumbuyo ndiye ndinali nalo. Ndinkalipendeketsa pang'ono. Tsiku lina anandipezerera m'galasimo n'kunena mokweza kuti, "Adalaivala, msewu uli kutsogolo." Minibasi yonse inaseka. Ukwati wathu unayambira pamenepo.

Kwathu galasi lam'kati mwa minibasi si loonera magalimoto. Zenera lakumbuyo limakhala litatsekedwa ndi mitu ya anthu ndi matumba. Galasilo ndi loonera anthu. Uyu wagona, uyo akufuna kutsika koma akuchita manyazi kukuwa, agogo awo nyimbo yawanyansa. Ndinaphunzira kuwerenga maso ndi mphumi basi, chifukwa galasi limaonetsa zokhazo.

Tinabwera kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, mwana wathu wamkazi ali wamng'ono. Ndinapeza ntchito kochapa nsalu za m'zipatala, ndipo ndikadali komweko. Titagula galimoto yoyamba, mayi ake ankakhala kumbuyo ndi mwana. Mwana anakula, anapita kukoleji, iwo kumbuyo komweko. Kutchalitchi amuna anzanga ankandiseka.

"Achimwene, anduna mwabwera nawo?"

Iwo ankatsika pang'onopang'ono, n'kuyankha okha. "Dalaivala wabwino sasinthidwa, abambo. Akazi anuwo mpake amayenda pabasi."

Nkhani zonse zolemera za m'banja mwathu tinazikambira m'galimoto. Za maliro a mayi anga, amene sindinathe kupitako. Za mnyamata amene ankafuna mwana wathu. Kunyumba timadya wailesi yakanema ikuyankhula. Koma ndikagwira chiwongolero, maso pamsewu, mawu ankatuluka. Ndikafunsa chinthu ndinkakweza maso. Pakamwa pawo pakanena kuti inde, maso ankandiuza ngati ndi inde weniweni.

Kuntchito kuli mnyamata wachizungu wokonda magalimoto. Pa nthawi yopuma amatisonyeza zithunzi pafoni. Kwa iye kukoma kwa galimoto ndi kulira kwa injini ndi kusintha magiya ndi dzanja. Wina amati ndi liwiro. Tsiku lina anandifunsa ine. Ndinati ndi amene wakwera. Anadikira kuti ndipitirize. Ndinali nditamaliza.

Mwana wathu tsopano ndi namwino ku Indianapolis. Amakhala ku Lawrence, m'mbali mwa mzindawo, ndi mwamuna wake. Atachira mwana woyamba, mayi ake anapita kukathandiza, monga mwa mwambo. Anati akhalako pang'ono, mpaka mwana alimbe khosi. Kunali kotentha pamene ankapita. Masamba anayoyoka. Khirisimasi ndinakadyera konko n'kubwerera ndekha. Pafoni nkhani inali yomweyomweyo. Mwadya? Ndadya. Kukuzizira? Kukuzizira.

M'miyezi imeneyo galimoto yathu yakale inatha. Mchere umene amathira m'misewu kuno posungunula sinowo, chipale chofewa chija, unaidya kunsi mpaka makaniko anapukusa mutu. Mkamwini wanga anandithandiza kupeza ina. Anandionetsa galasi lam'kati monyadira. Silinali galasi. Linali ngati kawailesi yakanema kakang'ono, koonetsa zimene kamera yakumbuyo ikuona. Msewu wonse, mbali zonse, mbee. Anafotokoza zambiri m'Chingerezi chothamanga. Ndinkangogwedeza mutu. Ndinayenda nayo miyezi osaona chimene chikusowa, poti kumbuyo kunalibe munthu.

Mu Januwale ndinatopa. Ndinaganiza zopita kukawatenga. Sindinawauze. Ndinangoti ndikubwera Loweruka.

Ndinadzuka m'mawa n'kukumba galimoto mu sinowo. Ku South Bend sinowo imachokera kunyanja ndipo siichita manyazi. Ndinasesa mpando wakumbuyo, ndinayalapo bulangete lawo lofiira limene ankafunda m'miyendo. Kenako ndinalowa msewu wa 31, kulunjika kummwera.

Msewu umenewo m'nyengo yozizira ulibe chokuyankhula. Minda yoyera mbali zonse, mapesi a chimanga akusuzumira, nkhokwe zachitsulo patali. Mathiraki akuluakulu ankandipitirira n'kundimwaza matope a mchere. Mawayipa ankagwira ntchito kutsogolo. Koma galasi lam'kati lija linayamba kuchita chifunga. Poyamba magalimoto akumbuyo ankaoneka ngati mizukwa. Kenako nyali zokha. Kenako loyera lonse, ngati madzi otsukira mpunga.

Ndinalipukuta ndi mkono wa jekete. Palibe. Ndinaliuzira mpweya n'kupukutanso. Palibe. Ndinatsegula hita mpaka makutu anatentha, kuganiza kuti ndi nthunzi. Ndinayenda chotero mtunda wautali, kumbuyo osaona kanthu, ndikutukwana chamumtima.

Cha ku Kokomo ndinaima pothira mafuta. Ndinali ndikupakabe galasilo malovu pamene bambo wina wokalamba, wovala chipewa cha alenje, anagogoda pazenera. Sananene zambiri. Anandikodola, tinazungulira kumbuyo kwa galimoto, n'kuloza kadiso kakang'ono ka kamera pamwamba. Kanali kataphimbidwa ndi mchere wouma. Anakapukuta ndi chala chachikulu, n'kubwerera kugalimoto yake. Ndinalowa. Msewu unabwerera mbee. Ndisanafike patali unayambanso kuyera.

Ku Lawrence ndinafika masana. M'nyumba munali phokoso. Makina ochapira akulira, mwana akulira, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Mwana wanga anandikumbatira. Ndinamufunsa za moyo m'Chichewa, anayankha m'Chingerezi, monga amachitira. Mdzukulu atandiona anabisa nkhope pachifuwa cha agogo ake. Akazi anga anali atanenepa pang'ono. Ankayenda mwachangu, ankadziwa pamene pali chilichonse.

Tinadya. Mawu ndinali nawo pakhosi, koma patebulo, maso ndi maso, mkamwini ali pomwepo, sakanatuluka. Ndinadikira mbale zichoke.

"Amayi, palibe chimene mukufuna kusitolo?"

Anandiyang'ana. Amandidziwa.

"Matewera atsala pang'ono," anatero. Mwana wathu anayamba kunena kuti alipo ambiri. Mayi ake anali atavala kale jekete.

Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukhala. Ndinamva akufunyulula bulangete.

"Mwalichapa?"

"Kuntchito."

"Likununkha chipatala."

Ndinaliza galimoto. Titatuluka mumsewu wawo, ndinatsokomola.

"Nyumba ija ilipo," ndinatero.

"Ikanapita kuti?"

"Ndabwera kudzakutengani."

Anakokera bulangete m'miyendo. Kenako anati, "Tiona."

Ndinakweza maso. Ndinaona msewu wotuwa, ndi nyali ziwiri za galimoto ya munthu wina. Ndinagwira galasi n'kulipendeketsa pansi. Chithunzi sichinasunthe. Ndinalipendeketsa kumanzere. Msewu womwewo. Tiona wawo ndimamudziwa mitundu yake. Pali tiona wa inde, wofuna kuti ndipemphenso. Pali tiona wa ayi. Kusiyana kwake kuli m'maso. Pano ndikudziwa kuti pansi pa galasilo pali kabatani, ukakakankha limasanduka galasi wamba. Tsiku limenelo sindinkadziwa.

"Mukulimbana ndi chiyani, abambo?"

"Sindikukuonani."

"Ndili pompano."

"Chikuonetsa msewu chinthuchi."

"Ndiye chabwino. Ndinakuuzani kalekale."

Sindinaseke. Pasitolo ndinaimika galimoto kutali ndi khomo, pafupi ndi mulu wa sinowo yakuda. Injini ndinaisiya ikulira chifukwa cha hita. Ndinakhala, manja pachiwongolero. Kutembenuza khosi sindikanatha, sindinachitepo. Ndinatsika, ndinazungulira, ndinatsegula chitseko chakumbuyo cha mbali inayo.

"Mwataya chiyani?"

"Sunthani."

Anasuntha. Ndinakhala pambali pawo. M'moyo wanga ndinali ndisanakhalepo kumbuyo kwa galimoto yanga. Denga linali pafupi. Kutsogolo kunali mipando iwiri yopanda anthu. Tonse tinayang'ana komweko, ngati tikudikira dalaivala.

"Tiona uja ndi uti?" ndinafunsa.

Anasalaza bulangete pamaondo.

"Sindibwera panopa."

"Mwana walimba."

"Walimba. Si za mwana."

Ndinadikira.

"Kuno ndimadzuka ndi phokoso," anatero. "Wina akundiitana, wina akulira, wina wataya kiyi. Kunyumba kwathu kuja ndimamva firiji yokha. Inu mumabwera, mumasamba, mumadya, mumagona. Simuli munthu woipa. Koma kuti ndimve mawu anu, mpaka tilize galimoto? Ndakalamba, abambo. Sindingamakwere galimoto nthawi zonse ndikafuna kucheza ndi amuna anga."

"Simunanenepo."

"Ndinkanena. Mumati mukuona m'maso. Simunaone?"

Ndinayang'ana pazenera. Panja mayi wina ankalimbana ndi ngolo ya m'sitolo, matayala atakanirira mu sinowo.

"Bwerani inuyo," anatero. "Pansi pa nyumba yawo pali chipinda."

"Kukhala kwa mkamwini?"

"Kapena tipeze kathu pafupi."

"Ntchito."

"Kuno odwala sadetsa nsalu?"

Apo ndinaseka pang'ono, m'mphuno. Iwonso. Mazenera anali atachita nthunzi. Ndinaona dzanja lawo pabulangete. Linali ndi timakwinya timene sindinkatidziwa. Zaka zonsezi ndinkaona maso ndi mphumi.

"Matewera aja," anatero.

Tinalowa m'sitolo. Ine ndinakankha ngolo. Pobwerera anakhala kumbuyo, ine kutsogolo, ndipo sitinayankhulenso za nkhaniyo.

Mwana wanga anandikakamiza kugona. Ndinakana. Ndinati ndikufuna kufika kusanade. Mayi ake anandilongedzera nkhuku ndi mpunga m'kontena, n'kundiperekeza mpaka pakhomo, atavala masilipasi.

"Mukafike bwino. Muimbe."

"Ndiimba."

"Osati kungoti ndafika."

Ndinabwerera ndi msewu womwewo. Sinowo inayambanso kugwa nditadutsa Kokomo. Kamera inatsekekanso ndipo sindinaime. Ndinayenda mbali yakumanja, pang'onopang'ono, mathiraki akundipitirira. Nditafika ndinapeza polowera galimoto patsekedwa ndi sinowo imene galimoto yolambula msewu inaunjika. Ndinatenga fosholo. Nditamaliza ndinalowa m'nyumba, ndinavula nsapato, ndinaimba.

"Ndafika."

"Ee."

Anadikira. Ndinafufuza m'mutu.

"Nkhuku ija ndidya mawa," ndinatero.

"Muitenthetse bwino."

Lolemba ndinafunsa bwana wathu ngati kampani ili ndi kochapira kwina ku Indianapolis. Anati ili nako, ndipo anthu amasowa. Anandifunsa ngati alembe dzina langa. Ndinati ndimuuza.

Nyengo yozizira ija inatha, inabweranso ina. Akazi anga ali ku Lawrence. Ndimapita Loweruka limene sindili pantchito, ndimabwerera Lamulungu. Bwana uja anasiya kundifunsa.