Tsiku Limene Dziwe Linafiira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamsika wa Chikweo, pamene ndinkagulitsa gaga. Che Mussa, mwini maiwe anayi a nsomba kumunsi kwa dambo, ankagula kwa ine sabata iliyonse. Tsiku lina anati, "Abiti Lifa, miyendo yanga yayamba kukana. Mungandisamalire makumba anga?" Ndinavomera pomwepo.

Anandiphunzitsa kuti nsomba sizikula ndi gaga yekha. Zimadyanso ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwiritsa madzi, ndipo nderezo zimafuna nayitrojeni. Tinkathira zitosi za nkhuku m'kakhola ka nsungwi pakona ya dziwe. Zitosi zikasowa, tinkasungunula feteleza wa yuleya pang'ono m'ndowa n'kuwaza. Poyesa, ndinkamiza mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, ndiye kuti madziwo ali ndi njala.

Nthawi yotentha, Che Mussa anapita kumaliro ku Balaka. Dziwe lachitatu linali loyera mbee, ndipo ndinkafuna kuti akamabwera alipeze litabiriwira. Ndinathira yuleya masiku awiri otsatizana.

Patapita masiku anayi, ndinafika m'mamawa n'kupeza pamwamba pa madzi patayala ndere zofiira ngati dzimbiri. Makumba anali atayandama, kukamwa yasa, kufunafuna mpweya. Ena anali atagadama kale.

Ndinadziwa chochita. Ndinazula chotsekera paipi kuti madzi oipawo atuluke, n'kuthamangira kumfuleni kukatsegula madzi atsopano. Koma madziwo tinkagawana masiku, ndipo tsiku limenelo anali a Anambewe, mayi wa dimba loyandikana nafe.

"Anambewe, ndibwerekeni madzi mpaka masana."

"Iyayi, tomato wanga wafota kale."

"Tangobwerani mudzaone."

Anayang'ana m'dziwemo kamodzi kokha, n'kukatseka okha ngalande yawo ndi khasu. Ine ndinaola zitosi zonse m'kakhola, kenaka tinakoka chiguduli pamwamba pa madzi, wina uku wina uku, kuyengula nderezo. Gaga sindinathire. Dzuwa likufika paliwombo, nsomba zinali zitatsikira pansi. Zakufa zinadzaza theka la ndowa.

Che Mussa anafika madzulo. "Munathira kangati?"

"Kawiri."

Anazungulira dziwe lonse pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Amene analipo inu musanabwere, zitamuchitikira zotere anathawa. Mawa mulawirire."

Lero ndili ndi maiwe anga awiri kwa Kawinga. Feteleza ndimathira pang'ono, n'kudikira masiku angapo ndisanawonjezere, ngakhale mtima uthamange chotani. Wochepa ndikhoza kuwonjezera mawa. Wochuluka akasungunuka, palibe dzanja lomutola.