Nyali Zoyaka Masana

Fungo la petulo wa m'mabotolo, uja wogulitsidwa m'mbali mwa msewu ali psuu padzuwa, likangondiwomba ndimabwerera ku Chikweo pompo. Ndimaona bwalo la kwathu m'mawa, makaka a chinangwa ali mbuu pathandala, ababa atagwada pambali pa njinga yawo yamoto akuthira mafuta kudzera pa kansalu kuti mchenga usalowe m'thanki. Kumbuyo kwa njingayo kunkakhala dengu la matemba a ku nyanja ya Chiuta, lomangidwa ndi malegeni. Fungo la matemba, la petulo ndi la jekete yawo yachikopa linkasakanikirana, moti ine ndinkayesa kuti bambo aliyense amamveka choncho ukamuyandikira.

Ababa, Che Amidu, anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nsamala, ku Balaka, ndipo m'mudzi mwathu munalibe chimene akanachiloza n'kunena kuti ichi n'changa. Munda unali wa amama, mitengo ya mango inali ya amama. Nyumba anaumba okha njerwa zake, koma inaima pa dothi la eni. Ngakhale ife ana, nkhani zathu zikuluzikulu ankagamula ndi amalume, Che Bwanali, munthu wapakamwa amene sankatha sabata osakumbutsa anthu kuti mkamwini asamakule mwendo. Njinga yokhayo ndiyo inali ya ababa. Anaipeza atapalasa yakapalasa zaka ndi zaka ndi madengu a nsomba, mpaka ntchafu zinauma gwa. Akailiza m'mawa, mudzi wonse unkadziwa kuti Che Amidu adzuka, ndipo tsiku limenelo ankayenda mutu uli m'mwamba.

Chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3, maso awo anayamba kutha. Ndikunena poyera lero, koma nthawi imeneyo palibe ankanena. Za kutsogolo ankaziona, za m'mbali zinkawazemba, ndipo kukangochita kachisisira zonse zinkasanduka chimbuuzi. Akanauza ndani? Munthu wosaona sakwera njinga, ndipo mkamwini wopanda njinga m'mudzi muja akanatsala ndi malaya ake okha. Tsiku lina polowa pabwalo anagunda mtondo wa amama, chimanga n'kumwazika. Tsiku lina anaponda thadzi lathu lamawangamawanga, lija loikira kwambiri. Amama anatuluka manja ali m'chiuno, koma ababa anangozungulira njinga, n'kugogoda galasi la kutsogolo ndi chala.

"Nyali iyi yafooka," anatero. "Ikufunika babu wamphamvu."

Sukulu itatseka anayamba kunditenga pa maulendo awo. Ankandikhazika kutsogolo, pa thanki, miyendo yanga itatsamira pa mawondo awo, manja nditagwira pakati pa handulo. Anandiuza kuti ndi masewera: chilichonse chimene ndaona ndichitchule mofuula iwo asanachitchule. Ha, ine wake! Ndinkakuwa njira yonse mpaka mawu kusasa. Mbuzi kumanzere! Dzenje! Mchenga! Amayi a nkhuni! Ababa ankaseka kumbuyo kwa khutu langa, n'kumati ndawapambananso. Thanki inkatentha, fumbi linkalowa m'mano, mphepo inkandichotsa mpango kumutu, koma ndikadutsa anzanga ali ndi zidebe kumjigo ndinkadzimva ngati mkazi wa bwana. Achimwene anga ankafa ndi nsanje, poti iwo mwana wamwamuna anali asanakhalepo pampando umenewo.

Pamsika wa kwathu panali mtengo wamango waukulu pamene eni njinga zamoto ankasonkhana akamaliza kutsitsa katundu. Pansi pake dothi linada ndi oilo, ndipo pankamveka fungo la mphira wopsa ndi la chimanga chootcha. Ine ndinkakhala pa muzu ndikutafuna nzimbe, makutu ali tcheru. Malangizo a pamenepo sankatha, ndipo aliyense ankadziwa kuposa mnzake. Che Saidi, mnzawo wa ababa wa kumzikiti, wandevu zaimvi, anali wa mafuta. Ankati usanagule petulo wa m'botolo udonthezere pachikhatho: weniweni amauma msanga n'kusiya khungu lili mbee, koma wosakaniza ndi palafini amatsalira noninoni, ndipo ameneyo amadetsa pulagi n'kuchititsa njinga chifuwa. A Phiri, Mkatolika amene ankamangirira kolona pa handulo, anali wa zipangizo. Kwa iwo chilichonse choyalidwa pa chiguduli pamsika chinali chabodza, tcheni chikhale, mabuleki akhale. Munthu wofuna sipeya wolimba akwere apite ku Balaka, akagule m'sitolo momwe angabwerere kukadandaula. Ndiye panali Jafali, mnyamata wa kabaza, amene njinga yake inali ndi wailesi, hutala yolira ngati ya lole, ndi timagetsi tobiriwira pansi pa mpando. Iyeyo ankati njinga yosakongoletsa ndi wilibala.

Ababa ankamvetsera zonse, koma funso lawo linali limodzi tsiku ndi tsiku, la nyali. Anasintha babu, sizinathandize. Jafali anawamangirira nyali ziwiri zoyera pa handulo, kenako ina pamwamba pa madigadi, mawaya ake atawalumikiza ndi tepi n'kuwadutsitsa pansi pa thanki. Kunabweranso hutala yachiwiri, yoti anthu azimva patali n'kupatuka okha. Njinga inakongola, ayi ndithu, ana ankaithamangira. Amalume anaiyang'ana n'kufunsa ngati alamu awo akukonzekera kukakwatira kwina.

Vuto linali fyuzi, kagalasi kakang'ono kokhala pafupi ndi batire. Nyali zonse zikayaka limodzi, kankapsa, njinga n'kuzima zii. Ababa anasintha kangapo mpaka anatopa. Jafali anaseka, anatola pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, analikulunga pa fyuzi yakupsayo n'kuibwezera. Nyali zinayaka zonse. Che Saidi anapukusa mutu.

"Iyayi, Jafali. Kameneko kamapsa kuti njinga isapse. Ukakatseka pakamwa, moto ukatulukira pena."

Onse pamtengo paja anatembenukira kwa ababa. Iwo anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti ndi za masiku ochepa, akagula batire yaikulu ku Balaka. Palibe anawatsutsa. Kungoyambira sabata imeneyo, ulendo uliwonse wautali Che Saidi ankapezeka kuti nawonso ali ndi zochita komweko, ndipo ankatitsatira pambuyo.

Tsiku la ku Balaka linali lotentha ngati kuja kwa mwezi wa khumi kumene nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Amama anandiveka diresi yanga ya pa Idi, yachikasu, ndipo anandimanga mpango mothina kuti usauluke. Tinadutsa Ntaja, tinatsika mapiri, tinaoloka mlatho wa ku Liwonde ine ndikukuwa za ngolo, za njinga zamakala, za agalu. Kutsidya kwa Shire dziko linali lathyathyathya, milambe ili njo, phula likunyezimira ngati lathiridwa madzi. Dzuwa linali paliwombo, koma ababa anali atayatsa nyali zonse kuchokera kunyumba.

Ndinayamba kumva kutentha pantchafu, ndinayesa ndi thanki monga mwa masiku onse. Kenako ndinaona utsi wakuda ukutuluka pakati pa miyendo yanga, ukukwera m'mbali mwa handulo. Ndinadikira kuti ababa aime. Sanaime. Utsi unali pansi pa chibwano chawo penipeni, koma iwo maso anali kutsogolo.

"Utsi!" ndinakuwa, ngati mmene ndinkakuwira mbuzi. Kenako ululu unandilasa, ndipo masewera anathera pomwepo. "Ababa, ndikupsa! Mayo ine!"

Anaponda buleki, njinga inasereka m'mchenga wa m'mbali, ananditaya kutali ngati thumba. Anapisa dzanja pansi pa thanki n'kuzula mawaya akuyaka ndi manja awo, pulasitiki wosungunuka akuwamatirira m'zala, kwinaku akukankhira mchenga ndi phazi. Moto unazima usanafike ku mafuta. Akanati ufike, nkhani ino bwenzi akukamba ndi ena.

Chimene sindiiwala si motowo ayi. Ababa anagwada patsogolo panga, ine ndikulira, diresi itabooka chibowo chakuda m'mphepete. Bala linali poyera pantchafu, lofiira, lalikulu ngati chikhatho changa. Iwo ankalifuna. Anayandikitsa nkhope, anapendeketsa mutu uku ndi uku, kenako anayamba kupapasa mwendo wanga ndi zala zawo zakupsazo kuyambira kubondo, pang'onopang'ono, akufunsa kuti, "Pati, Asiyatu? Pati, mama?" Ndinawagwira chala n'kuchifikitsa pafupi ndi balalo.

Che Saidi anali ataimika njinga yawo kumbuyo kwathu. Anathira madzi a m'chigubu chawo pa bala langa ndi pa manja a ababa. Atatha anakhala pansi m'mchenga momwemo, phewa ndi phewa ndi mnzawo.

"Che Amidu," anatero motsitsa mawu, "dzuwa lili pamutu, inu mwayatsa nyali zinayi. Si babu, achimwene. Tonse pamtengo paja tikudziwa. Tinkangosowa poyambira."

Malole ankadutsa, mphepo yake ikutiwaza fumbi. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu za ababa, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi moto, chifukwa ndinali ndisanaonepo bambo akulira.

Njinga Che Saidi anaikokera ku Balaka ndi chingwe. Ine anandimanga bala pa kachipatala kena, n'kundigulira mandasi. Madzulo onse tinakhala pakhonde la sitolo ya zipangizo, pakati pa fungo la girisi ndi phokoso la nyundo, makaniko akusolola mawaya opsa n'kuika mtolo watsopano. Ababa sanagule batire yaikulu ija. Anauza makaniko achotse nyali zonse zoonjezera ndi hutala yachiwiri, aike fyuzi yeniyeni, aonenso mabuleki ndi tcheni. Chilichonse ankachigwira kaye ndi manja omangidwa mabandeji asanavomere. Tinagona kwa azakhali ku Nsamala. M'mawa mwake njinga ya ababa anayendetsa ndi mwana wa azakhaliwo, ine anandikweza kwa Che Saidi, ndipo ababa anakhala kumbuyo pa njinga yawo yomwe, pamalo pa dengu la matemba.

Titafika, sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatuma achimwene kukaitana amalume. Che Bwanali anabwera akutafuna chinangwa, nthabwala ili kale pamlomo, koma ataona mabandeji anaimeza. Ababa anatulutsa kiyi m'thumba n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anati nsomba za ku Chiuta zisaime, ana azidya, ndipo anawafotokozera za petulo wa pachikhatho, za kansalu kosefera, ndi kuti fyuzi ikapsa agule ina. Amalume analandira atagwada bondo limodzi. Kuchokera tsiku limenelo mwambi wawo uja wa mkamwini sindinaumvenso. Kuchipatala chachikulu, kumene amama anaperekeza ababa pambuyo pake, anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, mitsempha ya maso ndiyo inali kufa.

Ine zonsezi sindinazimve. Ndinakwiya, ndinafufuma, ndinakana kudya. Mpando wanga unali utapita, ndipo amalume sankanyamula ana. Pofuna kunditonthoza, ababa anandiuza kuti munthu wa bala sakwera njinga, ndidikire lipole. Basi ndinagwira mawu amenewo. M'mawa uliwonse, amalume akaliza injini kuseri kwa mpanda, ndinkathamangira pakhonde pamene ababa ankakhala pamkeka atatchera khutu, n'kuwaikira mwendo pamwendo pawo.

"Lapola, ababa. Gwirani muone."

Ankapapasa ndi chala, mofatsa, mpaka phokoso la njinga litazimirira kunjira ya kumsika.

"Latsala pang'ono," ankatero. "Tionenso mawa."

Bala linauma, nkhanambo inagwa, panatsala chipsera chosalala mvula yoyamba isanagwe. Ine ndinkadabwa kuti munthu wamkulu akulephera bwanji kuzindikira bala lopola, ndipo ndinkaganiza kuti mwina zala zawo zinaonongeka ndi moto uja. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti zala zawo zinalibe vuto. Ndinkafuula bwino, maso anga anali akuthwa, ndipo akanafuna akanayenda nane chaka china chathunthu mudzi osadziwa kanthu. Anasankha kukhala pamkeka m'mudzi wa eni ali chimanjamanja, mwana wawo ali wamoyo. Chimene chinawakanika ndi kundiuza kuti sitidzakweranso, ndiye ankangoti mawa, ine n'kumabwera nawo mwendo uja m'mawa uliwonse mpaka sukulu inatsegulira.