Chikamwini cha a Simeoni

A Simeoni a ku Mlolo ali ndi nkhani imodzi yokha, ndipo aliyense amene anamwapo nawo mowa anaimva mpaka kutopa nayo: iwo sanalimepo munda wa apongozi. Anzawo onse anapita kuchikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi n'kumatumidwa ngati ana. Iwo ayi.

Mwayiwo unabwera ndi nkhondo ya ku Mozambiki. Masiku amenewo boma la Zambia linkati nkhondoyo si yathu, komabe asilikali ake anali mbwee m'malire, ndipo othawira kuno ankakwezedwa lole kupita kumsasa wakutali. Mmodzi mwa othawawo, Keziya, anafika ndi kamtolo pamutu, mapazi atatupa. Lole itabwera, a Simeoni, amene anali atangomupatsa madzi akumwa basi, anauza msilikali kuti, "Awa ndi akazi anga." Keziya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ananso loleyo, n'kusankha a Simeoni. Mpaka lero Keziya amati kusiyana kwake kunali kochepa.

Anamanga nyumba kumapeto kwenikweni kwa munda, pamalo amene Keziya analoza. Nkhondo itatha, alongo ake a Keziya, a Yakobo, anayamba kubwera pa njinga kudzanena kuti mbumba yawo ibwerere kumudzi, mwamunayo atsatire. A Simeoni ankachita mantha zedi. Ankadziwa kuti Keziya akangonyamuka iwo alondola ndithu, ndipo nkhani yawo ija ifera pomwepo. Choncho ankakalipa kuti, "Alamu, kuno ndi ku Zambia. Mwalowa ndi chilolezo cha ndani?"

Posachedwapa anthu a maboma onse awiri anabwera kudzakonzanso zipilala za malire. Anayeza, anayezanso, n'kuzika chipilala cha simenti pakati pa nyumba ndi khola. Mbuzi zinatsala ku Zambia. Nyumba, nkhokwe ndi a Simeoni amene zinapezeka zili ku Mozambiki, pa nthaka ya makolo a Keziya.

A Yakobo anaseka mpaka kugwa pa njinga. A Simeoni anakakhala pakhonde, manyazi atawagwira, mpaka Keziya anawabweretsera madzi osamba.

"Ndiye kuti ndakhala mkamwini zaka zonsezi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ine ndinkadziwa," anayankha Keziya. "Mtengo wa mango uwo anadzala ndi agogo anga. Koma musadandaule. Lole ikabwera, ndidzawauza kuti ndinu amuna anga."