Chifuwa cha kuseri kwa katani

Pamdadada wathu tinkangowatchula kuti a Wosita. Moyo wawo wonse unathera pa tebulo la miyendo itatu, wachinayi njerwa, akusita malaya a anthu a m'maofesi. Zala zinapsa mpaka kusiya kumva moto. Mwamuna anathawa kalekale. Mwana anali mmodzi, wamkazi, ndipo anamulera ndi simbi yomweyo. Mwanayo atakwatiwa ndi kondakitala anasiya kubwera, chikhalirecho akukhala kuseri kwa msika pomwepa.

Tsiku lina kunabwera atsikana a ku yunivesite, akuti akuyeza mitima ya anthu pa nkhani yogawana. Ankalowetsa anthu awiriawiri m'kalasi, aliyense khomo lake, pakati atatchinga katani.

"Agogo, ndalama izi ndi zanu," anatero mtsikana wa magalasi kwa a Wosita, monong'ona. "Zimene muike mu envulopu tizichulukitsa katatu, n'kupatsa munthu ali kuseriko. Iye abweza zimene akufuna. Simukudziwana, ndipo simudzadziwana."

"Nanga akapanda kubweza?"

"Basi, masewera ake ndi omwewo."

Kuseri kwa katani munthu anatsokomola. Kachifuwa kouma, kothera m'mphuno. A Wosita anakadziwa. Chifuwa chimenecho, cha mwana wawo, anagona nacho bulangete limodzi zaka zambiri, akuchithowa ndi madzi ofunda.

Anaika zonse. Mumtima ankati, akaona envulopu yofufuma adziwa yekha, nanga winanso ndani angatero? Abweza theka, tiyambira pamenepo kulankhulana.

Envulopu inabwerera yopanda kanthu. Mtsikana wa magalasi sanawayang'ane kumaso.

Dzuwa litapendeka mwana uja anatulukira kunyumba, koyamba chaka chonse, atanyamula paketi ya shuga.

"Amayi, mwaswera? Lero ndatola chikwama. Kumasewera kuja ndinagwera chitsiru china, chinatumiza zonse. Ine kungopinda, m'thumba."

"Osabwezako ngakhale pang'ono?"

"Ndibwezere munthu wosamudziwa? Si inu nomwe munkati wofatsa amamudyera masuku pamutu?"

Ankanenadi. Ankanena tsiku lililonse kasitomala akathawa osalipira, mwana ali pansi pa tebulo akumva.

A Wosita anathira makala mu simbi, n'kuuzira mpaka phulusa kuwalowa m'maso.

"Ika shugayo apo," anatero.

Mwana anacheza pang'ono n'kupita, wosangalala. A Wosita sanamuuze kuti chitsirucho anali iwo, ndipo mpaka lero sanamuuze. Shuga uja anakhala pa shelefu osatsegula, mpaka nyerere zinaboola pepala n'kumutha.